Kwa amene analapa koma khalidwe likukana kusintha

Funso ili landipeza kambirimbiri, moti ndaganiza zolemba yankho lake kamodzi kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira. Limabwera chonchi: "Akulu, ndinalapa, ndinabatizidwa, kutchalitchi sindijomba, koma ndikadali munthu yemwe uja. Chavuta n'chiyani?" Amafunsa anyamata a m'kalasi ya ubatizo, amayi a Chigwirizano, ngakhale azibambo amene Lamlungu amakhala kutsogolo atavala jekete. Ena amayembekeza kuti anthu abalalike pakhomo pa tchalitchi. Ena amalemba pa WhatsApp pakati pa usiku, mowa utayamba kutsika m'mutu.

Ulaliki kuno kum'mawa kwa Zambia sitiusowa. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, tauni yathu ya Chipata ikutchedwa Fort Jameson, ndipo kuchokera pamenepo mabelu sanaleke kulira: Akatolika, a Anglican ku Msoro, a Adventist ku Mwami, ndi mipingo ya Pentekosite yodzaza m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Mu 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Komabe sikelo zokhota zilipo m'misika, amasiye akulandidwabe katundu, ndipo olandawo ambiri ali ndi khadi la mpingo. Chimene ndaona ine n'chakuti timalapa kwa Mulungu yekha, n'kumuzemba munthu amene tinamulakwira. Mtima wa malangizo awa uli pa nambala 5. Zinazo ndi zokuthandizani kufika pamenepo, ndi kuimabe mukachokapo.

Masitepe awa sagula chipulumutso. Pa Afilipi 2:12-13 Paulo akuika zinthu ziwiri pamodzi: kuti ife tigwire ntchito ya chipulumutso chathu ndi mantha, ndi kuti Mulungu ndiye akugwira ntchito mwa ife. Mbali ya Mulungu ilibe ndondomeko imene ine ndingakulembereni. Ndikulemba mbali yanu.

1. Tchulani chinthu chimodzi, ndi dzina lake lenileni

"Ndine wochimwa" aliyense amanena, ngakhale abusa pa guwa, ndipo sizipweteka. Zimayamba kupweteka mukanena kuti: ndimamenya mkazi wanga ndikaledzera. Ndimabera anthu pa meda ndikamagula chimanga m'midzi. Ndimabetcha pa foni ndalama za sukulu ya ana. Ndimatola nkhani pamjigo n'kukazitula kumsika. Tengani pepala mulembe chimodzi chokha, ndipo chikhale chimene anthu a m'nyumba mwanu akulira nacho kwambiri, osati chimene inu mukuona kuti n'chosavuta kusiya.

Ambiri amalakwitsa pofuna kutaya zonse usiku umodzi. Pa ovanaiti ya pa 31 December, mapemphero ochezera aja, munthu amalumbira kusiya mowa, fodya, chiwerewere, mkwiyo ndi bodza, zonse pakamodzi. Mwambo wa Angoni wa Nc'wala usanafike kumapeto kwa February zonse zabwerera, ndipo tsopano zabwera ndi manyazi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kulakwitsa kwina ndi kupatsa tchimo dzina la wina. "Ndi mzimu wa kumtundu kwathu." "Anandilodza apongozi." Sindikana kuti Satana alipo ndipo amayesa anthu. Koma Yakobo 1:14 akunena poyera kuti munthu amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe. Davide pa Salimo 51 sanaloze chala kwa Bateseba, anati tchimo ndi langa. Mukati ndi chiwanda, mudzayendayenda kufuna wochitulutsa, inu mutakhala phee kudikira. Mukati ndi ine, muli ndi poyambira.

2. Dziwani njira imene tchimolo limadzera, muitseke, ndipo muikepo china

Tchimo lozolowereka lili ndi nthawi yake, malo ake ndi anzake. Kwa milungu ingapo muzidzifunsa mukagwa: linali tsiku lanji, ndinali kuti, ndinali ndi yani, m'thumba munali zingati? Mudzadabwa kuona kuti yankho silisinthasintha. Kwa mlimi ndi tsiku limene walandira ndalama za thonje, fodya kapena soya, kapena pamene a FRA, bungwe la Boma logula mbewu kwa alimi, alipira chimanga. Kwa wapantchito ndi kumapeto kwa mwezi. Kwa woyendetsa njinga yonyamula anthu ndi madzulo, tindalama ta tsikulo tili m'manja, njira yobwerera kunyumba ikudutsa pa shabini. Kwa mnyamata ndi usiku, ali yekha ndi foni yodzaza bandulo.

Mukaidziwa njirayo, musaime pakati pake n'kumapemphera kuti mukhale wolimba. Chokanipo. Sinthani msewu wobwerera kwanu ngakhale utalike. Tsiku lolandira ndalama pitani ndi akazi anu, kapena ndalamazo zilowe mu nambala yawo ya Airtel Money kapena MTN musananyamuke pa depoti. Fufutani pulogalamu yobetchera ija, foni igone pabalaza. Nambala ya munthu uja ichotseni, osati kungoisintha dzina kuti izioneka ngati ya makaniko. Yosefe m'nyumba ya Potifara sanakhale pansi kukambirana, anathawa n'kusiya malaya.

Koma kungosiya sikukwanira. Yesu pa Mateyu 12:43-45 akunena za nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo, imene mzimu woipa umabwerera ndi anzake asanu ndi awiri. Paulo pa Aefeso 4:28 sakuti wakuba angoleka kuba. Akuti agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chopatsa osowa. Ngati Loweruka masana munkakhala kumowa, Loweruka masana likhale ndi ntchito yake: kudimba, kwaya, mpira wa ana, kukaona odwala. Lisakhale lopanda kanthu.

Pano ndichenjeze mwamphamvu. Munthu amene wakhala akumwa kachasu kapena mowa wina waukali tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi thupi limatha kuukira: manja kunjenjemera, thukuta, kusowa tulo, kuona zinthu zimene kulibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Anthu amati ziwanda zikutuluka, n'kumuzungulira ndi nyimbo. Amenewo ndi matenda, ndipo amapha. Pitani naye kuchipatala, mapemphero amutsatire komweko. Chimodzimodzi ma ARV, mankhwala a BP, a shuga ndi a khunyu: wina aliyense, kaya amatchedwa mneneri kaya papa, akakuuzani kuti kutaya mankhwala ndi chizindikiro cha chikhulupiriro, mumuthawe.

3. Ikani nthawi ya Mawu ndi pemphero imene mungaisunge

Apa sindichedwapo, chifukwa mlaliki aliyense amanena zimenezi. Ndingowonjeza kuti nthawiyo ikhale yaifupi ndi yokhazikika. Mphindi 15 m'mamawa musanagwire foni kapena khasu zimaposa maola atatu kuphiri kamodzi pa mwezi. Yambani ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi pa tsiku. Kenako Yakobo, mitu 5, kalata imene simusiya munthu ali pamtendere ndi lilime lake. Mukawerenga dzifunseni funso limodzi: mwa zimene ndawerengazi, lero ndichite chiti?

Ngati chinenero cha Buku Lopatulika, lomasuliridwa mu 1922, chikukulemerani, Buku Loyera la 1998 ndi lofewerapo. Amene maso kapena sukulu inawavuta angathe kumvera Baibulo pa foni, kapena mdzukulu awawerengere. Chimene musachite ndi kutsegula paliponse mutatsinzina n'kuloza chala kuti mumve za tsogolo lanu. Baibulo si ula.

4. Pezani munthu mmodzi amene adziwe zonse

Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. Chobisika chimakula. Koma kusankha munthuyo kumafuna nzeru, chifukwa ambiri anapsa nako.

Akhale wamkulu m'chikhulupiriro kuposa inu, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. Akhale munthu amene simunamumvepo akukuuzani zinsinsi za ena, pakuti wokubweretserani za anzanu adzatenganso zanu. Asakhale wokuopani kapena wodya m'manja mwanu. Ndipo mumupatse chilolezo chokufunsani mosapita m'mbali sabata iliyonse: "Mwamwa? Mwamuimbira? Ndalama zija zili kuti?" Akatolika ali ndi sakramenti la kulapa kwa bambo mfumu, ndipo alinso ndi mphakati, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamakumana m'nyumba pakati pa sabata. Mipingo ina ili ndi timagulu totere ndi mayina ena. Kaguluko n'kothandiza, komabe zakuya zanu musazikhuthule pagulu. Umboni wa kutsogolo kwa mpingo, munthu atagwira maikolofoni n'kumatchula mayina a amene anachimwa nawo, wapasula mabanja ambiri kuposa amene wamanga.

5. Pitani kwa amene munamulakwira, mukapepese ndi kubweza

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga, ndipo apa ndi pamene anthu amene amandifunsa aja amayamba kuyang'ana pansi. Akuluakulu anati mlandu suola. Mungabatizidwe mumtsinje wa Luangwa, mungasale kudya mpaka nthiti kuonekera, koma ngati mkazi wamasiye wa mkulu wanu akugona pansi pamene bedi lake lili m'nyumba mwanu, mtima wanu ukudziwa, ndipo sudzakulolani kukula.

Baibulo silinasiye nkhaniyi m'malere. Pa Numeri 5:5-8 wolakwira mnzake akuuzidwa kuulula, kubweza zonse, ndi kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Kunena kwake, amene anadya K500 abweze K600. Zakeyu pa Luka 19 analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera, ndipo Yesu ananena kuti chipulumutso chafika m'nyumba imeneyo. Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho, pita ukayanjane naye kaye. Onani dongosolo lake. Chakhumi sichilowa m'malo mwa ngongole. Ndalama ya mwini simungaiyeretse poiponya m'mbale ya mpingo.

Yambani ndi kulemba mayina. Khalani nokha ndi pepala, mupemphe Mulungu akukumbutseni, ndipo musadzichitire chifundo. Chilimba chija, chimene mumasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumapatsana mosinthana, munalandira gawo lanu n'kusowa. Ngongole ya ku vileji banki imene anzanu anakulipirirani. Ndalama za feteleza wotsika mtengo wa Boma (FISP) zimene mamembala a kopaletivu anakusungitsani. Mbewu ndi mankhwala a thonje amene munatenga pangongole ku kampani ina, thonje n'kukagulitsa kwina. Waganyu amene munamuuza kuti abwere mawa, mawa lake mpaka lero. Ngati mumakongoza kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chokwera ija yoti wotenga K500 abweze K750 pakutha pa mwezi, ndipo muli ndi makhadi a kubanki kapena ziphaso za anthu m'kabati mwanu, nawonso alembeni. Mzere wa munda umene mumadya chaka ndi chaka ku malire a mnansi wanu ulembeninso. Deuteronomo 27:17 akutemberera wosuntha malire.

Mukatha, sankhani dzina limodzi. Ndimalangiza kuyamba ndi laling'ono, kuti miyendo izolowere njira, koma lalikulu lija muliikire tsiku lake pomwepo, ndipo munthu wanu wa pa nambala 4 alidziwe tsikulo.

Kapitidwe kake kali ndi mwambo, ndipo mwambo wathu pano ukugwirizana ndi Mawu. Nkhani yotere sikambidwa pa foni, pamsewu, pamaliro kapena muli chiimire. Tumizani mawu kuti mukufuna kudzaonana nawo. Pitani kunyumba kwawo, khalani pansi, chipewa chichoke kumutu. Ngati ndi wamkulu kwa inu, kapena mlandu ndi wolemera, musapite nokha. Tengani mkhalapakati, munthu amene mbali zonse zimamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo kaya nduna ya amfumu. Ya m'banja ndi ya apongozi imadzera kwa ankhoswe, aja anaimira mbali yanu ndi ya mnzanu pomanga ukwati. Kuwalumpha ndi kupalamula mlandu wachiwiri. Ya malire a munda ikathere kwa anyakwawa, pamaso pa mboni, kuti ana anu asadzaiyambenso. Ndipo ngati kwanu wolakwira wamkulu amapita ndi nkhuku m'manja, pitani nayo. Si nsembe ya mizimu imeneyo, ndi ulemu.

Tsono mawu ake. Akhale ochepa, olunjika, otchula chinthucho. Mwachitsanzo: "Amalume, ndabwera ndi mlandu wanga. Chaka chija munandituma kukagulitsa ng'ombe ku Katete, ndinakuuzani kuti yagulidwa K6,000. Ndinanama. Inagulidwa K8,000, ndipo K2,000 ndinadya ine. Ndinalakwa. Nayi K1,000, yotsalayo ndibweretsa ndikagulitsa soya." Mukatero khalani chete.

Pali mawu atatu amene amaononga kupepesa konse. Loyamba ndi "ngati": "ngati ndinakulakwirani mundikhululukire." Mukudziwa kuti munalakwa, n'chifukwa chake mwabwera. Lachiwiri ndi "koma": "koma nthawi imeneyo zinthu zinandithina." Lachitatu ndi "nanunso." N'kutheka kuti iwonso anakulakwirani, mwina kuposa inu. Limenelo si tsiku lake. Mwabwera ndi mtolo wanu, wawo adzautula okha.

Ngati ndalama zonse mulibe, musadikire kuti zikwane, chifukwa sizidzakwana. Pitani ndi zimene muli nazo, mugwirizane za zotsalazo, zilembedwe papepala pamaso pa mboni. Ikani nthawi imene mukudziwa kuti mumakhala ndi kanthu, monga pokolola, osati January pamene nkhokwe ili mbee ndipo sukulu zikutsegulira. Lonjezani zochepa zimene mudzakwanitsa. Kuphwanya lonjezo lachiwiri kumapweteka kuposa kuba koyamba. Ngati mwiniwake anamwalira, bwezani kwa mkazi wake kapena ana ake. Ngati palibiretu wa kubanja amene mungamupeze, Numeri yemweyo akuti chobwezacho chipite kwa Mulungu, ndipo pamenepo pokha ndi pamene mbale ya mpingo kapena thumba la osauka zingalandire.

Za katundu wa amasiye ndinenepo mwapadera, chifukwa kuno ndi bala lalikulu, ndipo ochita zimenezi amabisala kumbuyo kwa mwambo. Lamulo la dziko lino la 1989, Intestate Succession Act, limagawa chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo motere: ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Nyumba ndi ziwiya za m'nyumba ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana. Malo a mafumu lamuloli siliwakhudza, amenewo amayendera mwambo. Tsono ngati munasankhidwa kukhala woyang'anira chuma cha mbale wanu n'kudzisandutsa mwini wake, mashini osokera, malata, ngolo ndi ng'ombe n'kupita kwanu, dziwani kuti munalakwira lamulo la Boma ndi la Mulungu lomwe. Bwezani zimene zilipo. Zimene munagulitsa muwerengere mtengo wake. Ndipo mukafika kwa mlamu wanuyo musayembekeze kuti akuphikirani nsima.

Si zonse zobwezedwa ndi ndalama. Mbiri ya munthu imene munaipitsa ibwezedwe pamalo pomwe munaipitsira. Ngati munanena pagulu la amayi kuti uje amayenda ndi mwamuna wa mwini, pamene munalibe umboni, kupepesa kwa iye yekha kuseri n'kosakwanira. Bwererani kwa amene anamva aja mukanene kuti ndinanama. Ngati munatchula gogo wina kuti ndi mfiti mwana wanu atamwalira, mpaka anthu analeka kupala moto kunyumba kwake, pitani kwa amfumu mukabweze mawu anu poyera. Kutchula munthu ufiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Boma lotchedwa Witchcraft Act, koma ngakhale lamulo likanapanda kutero, nkhalambayo munaiika pangozi ya kuphedwa.

Palinso pofunika kuponda mosamala, chifukwa kuulula kwina kumapeputsa mtima wa wolakwa n'kuika katundu yense pamutu pa wolakwiridwa. Ngati ndi chigololo, kwa mnzanu wa tchimoyo musapiteko ngakhale ndi Baibulo m'manja. Ambiri anapita kukatsazika n'kugona komweko. Kambiranani kaye ndi abusa kapena bambo mfumu za mmene mkazi kapena mwamuna wanu angauzidwire, ndani akhalepo, ndi liti. Kayezetseni magazi, pakuti mnzanu wa m'banja ali ndi ufulu woteteza thupi lake. Ngati pali mwana amene anabadwa kunjako, kulapa kwanu kuonekere pa sopo, yunifomu ndi chakudya chake, zodzera m'manja mwa ankhoswe kapena wachibale.

Ngati munagwira mwana kapena kugwirira mkazi, imeneyo si nkhani ya nkhuku ndi mkhalapakati. Musayandikire kwa wolakwiridwayo. Ndi ya polisi, ndipo mpingo umene ungakuthandizeni kuibisa ukuchimwa nanu limodzi. Ngati ndi ndalama za kuntchito kapena za Boma, funsani kaye uphungu wa zamalamulo, monga ku Legal Aid Board, kuti mudziwe njira yobwezera ndi zimene zingakugwereni. Sindikunamizani kuti zidzakhala zopepuka. Ena ntchito imatha. Muyenera kusankha muli maso.

Ndipo inu amayi amene mukumenyedwa, wina asapotoze sitepe iyi kuti ikubwezereni pansi pa chibakera. Kukhululuka ndi kwina, kubwerera kumene moyo wanu uli pachiswe ndi kwina. Ku polisi kuli Victim Support Unit chifukwa cha zoterezi, ndipo kupitako si kusowa chikhulupiriro.

Nanga akakana? Amakana ndithu. Ena adzakutukwanani, ena adzalandira ndalama osanena kanthu, ena adzauza mudzi wonse kuti wakuba uja wavomera yekha. Musawatsegulire vesi la kukhululukira kasanu ndi kawiri kuchulukitsa makumi asanu ndi awiri. Chikhululukiro ndi mphatso yawo, si ngongole imene ali nayo kwa inu, ndipo bala limene lakhala zaka khumi silipola chifukwa inu mwabwera Lachiwiri masana. Aroma 12:18 akuti khalani mwamtendere ndi anthu onse monga momwe inu mungathere. Mbali yanu ndi kupita, kunena zoona, kubweza, ndi kusabwerezanso. Tsazikani mwaulemu. Mukakumana nawo kumsika wa Kapata apatseni moni monga kale, ayankhe asayankhe.

Chimene ndaona mwa amene anachitadi zimenezi n'chakuti tchimo la pa nambala 1 lija limayamba kufooka. Chifukwa chake si chachinsinsi. Munthu amene wagwada pamaso pa amalume ake n'kuwerenga ndalama zobweza, manyazi akumutentha kumaso, amaganiza kawiri dzanja lisanalowenso m'thumba la wina. Ndiponso ambiri amamwa kuti aiwale zimene akubisa. Chobisika chikatha, ludzu limachepa.

6. Mukagwanso, dzukani tsiku lomwelo

N'kutheka kuti mudzagwa. Choopsa si kugwako kokha koma zimene zimatsatira: "Ndaononga kale, bola ndingomaliza." Botolo limodzi limasanduka sabata yathunthu, kenako manyazi, kenako mpando wanu kutchalitchi ukhala wopanda munthu miyezi itatu. Dulani msanga. Ululani kwa Mulungu tsiku lomwelo, mutagwira lonjezo la pa 1 Yohane 1:9. Imbirani munthu wanu uja dzuwa lisanalowe, musadikire kuti akufunseni. Bwererani pa nambala 2 muone khomo limene linatsala lotsegula. Lamlungu likafika pitani kutchalitchi ngakhale mukhale kumbuyo kwenikweni. Petro anakana Yesu katatu usiku umodzi, ndipo pa Yohane 21 anapatsidwanso nkhosa kuti adyetse.

Ngati mpingo wakuikani pa chilango, kumene ena amati kudulidwa, ndiko kuletsedwa Mgonero ndi maudindo kwa kanthawi, khalani pomwepo mpaka nthawi ithe. Masiku ano munthu akadzudzulidwa Lamlungu ili, Lamlungu linalo ali kale mu tenti ya kutsidya kwa msewu, akuimba kutsogolo, kumene palibe womudziwa. Wasintha mpingo, khalidwe wapita nalo. Chimodzimodzi kuthamangira mafuta odzozera, madzi a m'mabotolo ndi "mbewu" zofesa kwa mneneri. Ndalama imeneyo ikanachepetsa ngongole ya pa nambala 5.

7. Kukula kwanu akuyezeni ndi ena

Musadziyeze ndi misozi ya popembedza kapena kutalika kwa pemphero. Muyeso uli pa Agalatiya 5:22-23: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, kukoma mtima, ubwino, kukhulupirika, kufatsa ndi kudziletsa. Pafupifupi zonsezi amaziona ndi munthu wina, osati mwini wake. Pakapita miyezi itatu kapena inayi, funsani amene amakuonani mutavula jekete la Lamlungu. "Amake mwana, kodi mwaonapo kusintha kulikonse mwa ine? Nanga chimene chikukuvutanibe n'chiyani?" Funsani mwana wanu wamkulu. Funsani mnzanu wa pa benchi kumsika. Akamayankha musadule mawu, musadziteteze, ndipo mawa lake musawakwiyire, apo ayi sadzakuuzaninso zoona.

Ngati muli ndi wantchito wa pakhomo, wolishya ng'ombe kapena waganyu kumunda, ameneyo amakudziwani kuposa abusa anu. Mufunseni nayenso. Koma werengani kaye Yakobo 5:4, ndipo mumulipire malipiro ake onse a mwezi watha musanamufunse.